Rover, Galimoto ya Akulu-akulu: Mbiri Yace ndi Cimene Anthu Anaikondera

 Lero nkhani yathu iri ya galimoto imodzi ya Angelezi yotchedwa Rover 3-Litre, imene amisiri oipanga anaipatsa cizindikiro ca P5. Inayamba kupangidwa m'caka ca 1958, ndipo yomarizira inaturuka m'fakitale m'caka ca 1973. Nduna zazikulu zinai za dziko la Britain zinayenda m'galimoto ya mtundu umenewu motsatizana, ndipo Mfumukazi Elizabeth anali nayo yace-yace imene anali kuyendetsa yekha. Tsono tifuna kuyankha mafunso awiri. Loyamba, kodi m'galimoto imeneyi munali ciani cimene cinakopa anthu a maudindo otere? Laciwiri, kodi munthu wodya za thukuta lace, wolandira malipiro pa kutha kwa mwezi, angatolepo nzeru yotani asanataye ndalama zace pa galimoto yofunira ulemu?

CIYAMBI CACE CINALI NJINGA

Dzina la Rover si lacilendo m'dziko lino, pakuti midzi ndi yowerengeka imene sinaonepo Land Rover ya Boma, ya apolisi kapena ya a misyoni. Koma ambiri sadziwa kuti kholo la magalimoto onsewa ndi njinga yopalasa. M'caka ca 1885, mu mzinda wa Coventry, mmisiri wina dzina lace John Kemp Starley anapanga njinga ya magudumu awiri ofanana msinkhu pang'ono, yokhala ndi tcheni cozunguza gudumu la m'mbuyo. Kale lonse njinga zinali ndi gudumu lakutsogolo lalitali lofika m'cifuwa ca munthu, ndipo wokwera akaphunthwa pa mwala anali kugwa camutu. Njinga ya Starley inali yaifupi ndi yosaopsya, ndipo dzina lace linali Rover, ndiko kunena kuti woyendayenda. Njinga iri yonse imene mupalasa popita ku nchito m'mamawa, ngakhale ija isenza matumba a makala kucokera ku Chongwe kudza ku Lusaka, itsata maonekedwe a njinga imeneyo. Ku Poland kufikira lero njinga amaitcha rower.

Kampaniyo inapanga galimoto yace yoyamba m'caka ca 1904. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mabomba a Ajeremani anaononga fakitale ya ku Coventry mu 1940, ndipo nkhondo itatha nchito inasamukira ku Solihull, pafupi ndi Birmingham. Kumeneko abale awiri amene anali kutsogolera kampaniyo, Spencer ndi Maurice Wilks, anaturutsa Land Rover m'caka ca 1948. Caka cotsatira anaturutsa galimoto ya banja yotchedwa P4, yolimba ndi yofatsa, yokondedwa ndi madokotala ndi akulu a mabanki, kotero kuti Angelezi anaipatsa dzina lanthabwala lotanthauza Azakhali. Ndalama zimene Land Rover inabweretsa kucokera ku maiko onga lathu lino ndizo zinapatsa kampaniyo mphamvu yakuganiza za galimoto yaikulu koposa, ndiyo P5.

KAPANGIDWE KACE

Amene analemba maonekedwe a galimoto yatsopanoyo anali David Bache. Masiku amenewo magalimoto a ku America anali ndi zipsyepsye kumbuyo ngati nsomba, ndi zitsulo zonyezimira mbali zonse. Bache anasiya zimenezo, napanga thupi lalitali, la mapewa otakata, lolemera pafupifupi makilogalamu 1,600. Pa mphuno pace panali cizindikiro ca kampaniyo, ngalawa ya amalinyero akale a kumpoto kwa Ulaya otchedwa Viking.

Magalimoto akale a Rover anali kumangidwa monga timangira nyumba: coyamba mafupa a citsulo pansi, amene amakaniko awatcha casisi, ndipo pambuyo pace thupi pamwamba. P5 inali yoyamba ya kampaniyo imene thupi lace lomwe ndilo linali mafupa ace, monga dengu limene mphamvu yace iri m'kalukidwe. Injini ndi magudumu akutsogolo anaikidwa pa cimango cacing'ono capadera, columikizidwa ku thupi ndi mphira pakati, kuti kunjenjemera kwa injini ndi kwa mseu kusafike kwa okwera. Mfundo iyi ya dengu muisunge, cifukwa tidzaifunanso pa mapeto.

Injini yace inali ya masilinda 6 ondandalika mzere umodzi, a malita atatu onse pamodzi, ndipo ndipo panacokera dzina lakuti 3-Litre. Ubwino wa masilinda ambiri mungaumvetse poganiza za mtondo. Mkazi mmodzi akamasinja, mumva kugunda, kenaka bata, kenaka kugunda. Akakhala atatu olandizana misi, kugundako kulumikizana nikumveka ngati ng'oma imodzi yosadukiza. Cimodzimodzi m'injini: silinda iri yonse ikankha pa nthawi yace, ndipo akacuruka, mphamvu ifika ku magudumu mosalala. Cifukwa cace Rover ikaima injini irikulira, munthu wokhala m'kati anali kumva kaphokoso kocepa ndithu.

M'katimo munali mipando ya cikopa ceni-ceni, yokhuthala ngati ya m'cipinda cocezera. Pansi panali kapeti, ndipo kutsogolo ndi m'zitseko munali matabwa opalidwa ndi kupukutidwa a mitengo yocokera ku Africa. Pansi pa bolodi lakutsogolo panali kabati kakang'ono kosolola, kokhala ndi masipanala ndi zipangizo zina, ciri conse m'malo mwace. M'caka ca 1962 anaonjeza mtundu wina wotchedwa Coupé, wa zitseko zinai ndithu, koma denga lace lotsitsidwa ndi mainchesi awiri ndi theka. Mtengo wace ku Britain pa zaka zoyambazo, pamodzi ndi msonkho, unapitirira mapaundi 1,700, ndiwo malipiro a zaka zingapo a munthu wakuda wa pa mgodi masiku amenewo. Pa zaka 15 anapanga magalimoto a P5 opitirira pang'ono 69,000.

ULEMU WOSAFUULA

Ku Britain kunali magalimoto ena a mbiri. Rolls-Royce inali ya olemera kopambana, ndipo woyendamo anali kulengeza cuma cace kwa ali yense wa m'mbali mwa mseu. Jaguar inali ya okonda liwiro. Rover inakhala pakati pa ziwirizi, ndipo apa ndipo pagona cinsinsi cace.

Ife tidziwa macitidwe a mfumu pa bwalo. Mfumu siithamanga ndipo siifuula. Ifika pang'ono-pang'ono, nikhala pa mpando wace, ndipo anthu atonthola okha. Wofuula pa bwalo kawiri-kawiri ndiye amene mlandu wamgwera. Rover inali ndi khalidwe lotere. Inali yaikulu mokwanira kuti anthu apatuke, koma yosadzionetsa kotero kuti okhoma msonkho angadandaule poona nduna iri m'menemo. Ndico cifukwa cace Boma la Britain linaisankha, ndipo Harold Wilson, Edward Heath, James Callaghan ndi Margaret Thatcher onse anayendamo ali Nduna Yaikulu. Pamene kupanga kunali kutha mu 1973, Bomalo linagula ena a magalimoto omarizira niliwasunga kuti adzagwire nchito m'tsogolo. Motero Mai Thatcher atapambana masankho mu May 1979, galimoto imene inawafikitsa ku Downing Street inali Rover ya mtundu umene unali utaleka kupangidwa zaka zisanu ndi cimodzi zapitazo.

GAWO LA WAMGODI

Inu a ku migodi musayese kuti nkhani iyi iri kutali ndi inu. Radiyeta ya galimoto ya masiku amenewo inali ya mkuwa, ndi ya citsulo cacikasu cimene cipangidwa posanganiza mkuwa ndi zinki. Mawaya onse a magetsi anali a mkuwa, ndi aja okulungidwa m'kati mwa sitata ndi jenereta. Batire inali ya mtobvu. Tsono Britain anali mmodzi wa ogula akulu a mkuwa wa ku Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga, ndipo mgodi wa Broken Hill, kumene lero titi Kabwe, unali kuturutsa mtobvu ndi zinki. Galimoto ya nduna, ingakhale ya cikopa cofewa cotani, popanda mkuwa siikanalira m'mamawa, ndipo ikanapsya isanathe mailosi khumi. Nchito ya munthu wa pansi pa nthaka inali m'magalimoto a ku Ulaya ngakhale pa zaka zimene iye mwini sanali kuyembekeza kukhalamo.

PA MPIKISANO WA SAFARI

Ena anganene kuti galimoto yofewa cotere siikanatha kupirira miseu ya mu Africa. Yankho linaoneka m'caka ca 1963 pa mpikisano wa East African Safari, umene unali kudutsa m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ulendo wa makilomita pafupifupi 5,000. Caka cimeneco mvula inagwa yambiri, ndipo miseu inasanduka matope. Magalimoto 84 ananyamuka, ndipo 7 okha anafika kumapeto. Yopambana inali Peugeot 404, koma pakati pa asanu ndi awiriwo panali Rover 3-Litre yoyendetsedwa ndi Bill Bengry. Tikumbukire kuti magalimoto a mpikisano akonzedwa mwapadera, ndipo amakaniko awadikira m'njira. Komabe citsulo cofooka sicikanafika, cingakhale ndi amakaniko angati.

INJINI YA KU AMERICA

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1960 injini ya masilinda 6 ija inali itakalamba, ndipo magalimoto a makampani ena anali kuisiya m'mbuyo. Mkulu wina wa kampani ya Rover, William Martin-Hurst, ali pa ulendo ku America, anaona injini yaing'ono ya aluminiyamu iri pansi m'nyumba ya nchito ya kampani yopanga injini za maboti. Inali injini ya masilinda 8 imene kampani ya Buick inapanga kwa zaka zocepa niileka. Iye anaona kuti cimene ena anataya cikhoza kukhala cuma, ndipo mu 1965 Rover inagula ufulu wakuipanga ku Britain.

M'caka ca 1967 injini imeneyi, ya malita atatu ndi theka, inaikidwa m'thupi la P5, ndipo galimotoyo inatchedwa P5B, B ameneyo kuimira Buick. Inali yopepuka koposa yakale ija, koma ya mphamvu yoposa, yokhoza kufikitsa galimoto pa liwiro lopitirira makilomita 170 pa ola. Magiya anali osintha okha. Injini yomweyi inalowa mu Range Rover mu 1970, ndi m'magalimoto ena a Land Rover kufikira 2004. Motero makaniko wa mu Lusaka kapena Kitwe amene anatsegulapo Range Rover yakale anagwira kale mtima wa galimoto ya nduna.

PA MSEU WA KWA NKOMESHYA

Tsopano tiyeni tiiyese galimotoyi m'maganizo pa mseu umene tiudziwa. Tinyamuke mu Lusaka kulowa kum'mawa pa Great East Road, kunka ku Chongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 45, m'dziko la Asoli la Mfumu Nkomeshya. Mseu umenewu uzolowera magalimoto a akulu-akulu, pakuti bwalo lalikulu la ndege, lotsegulidwa mu 1967, limene kuyambira 2011 litchedwa ndi dzina la Kenneth Kaunda, liri m'boma la Chongwe. Mlendo wolemekezeka wofika pa ndege ayamba kuponda nthaka ya Asoli asanaone mzinda. Mu 1979 Mfumukazi Elizabeth ndi Mai Thatcher, onse awiri ozolowera mipando ya Rover kwao, anafika ku Lusaka ku msonkhano wa maiko a Commonwealth wa mwezi wa August. Pangano la msonkhano umenewo ndilo linatsegula njira ya zokambirana za ku Lancaster House, ndi ufulu wa Zimbabwe mu April 1980.

Pa mseu wa tara wotere Rover iri kwao. Kulemera kwace kuikhazika pansi, ndipo okwera m'mbuyo akhoza kukambirana ndi mau apansi. Koma tipatuke pa tara, tilowe njira za ku midzi kupitirira Chalimbana, pa nyengo imene mwambo wa Chakwela Makumbi wapita ndipo mvula imene mfumu inapempha kwa makolo yagwa. Apa kulemera kuja kusanduka mdani. Magudumu a m'mbuyo okha ndiwo akankha, mimba iri pafupi ndi nthaka, ndipo makilogalamu 1,600 akatitimira m'dambo afuna ng'ombe kapena anyamata a mudzi wonse. Kampani ya Rover inadziwa zimenezi, cifukwa cace inapanga ana awiri m'fakitale imodzi ya ku Solihull: wina wa tara ndi wina wa matope. Mlimi wa kwa Nkomeshya wofuna kufikitsa cimanga ndi tomato ku msika wa Soweto, mnzace weni-weni ndi wa matope uja.

Palinso nkhani ya petulo. P5B inali kuyenda makilomita 6 kapena 7 okha pa lita imodzi. Ulendo wa ku Chongwe, kupita ndi kubwera, ukanamwa malita 13 kapena kuposa. Akulu amene analipo akumbukira cimene cinacitika Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia popanda cilolezo ca Britain pa 11 November 1965, Harold Wilson ali Nduna Yaikulu. Mafuta amene anali kudzera kumwera analeka kufika, ndipo petulo inayamba kugawidwa mwa muyeso. Ina inadza pa ndege, ina m'migolo pa malole, kufikira paipi yocokera ku Dar es Salaam kudza ku Ndola inatha mu 1968. Pa masiku otere mwini njinga anali mfulu koposa mwini galimoto yaikulu.

KUTHA KWA DZINA

Kampani ya Rover inalowa m'gulu la Leyland mu 1967, ndipo mu 1968 gululo linakula nilitchedwa British Leyland. Zaka zotsatira zinali za mabvuto a ndalama ndi mikangano ya pa nchito, ndipo mbiri ya kupanga mosamala inayamba kucepa. Mu 1994 kampani ya BMW ya ku Germany inagula Rover, niigulitsanso mu 2000. Mu April 2005 fakitale ya ku Longbridge, kumene magalimoto omarizira a dzina la Rover anali kupangidwa, inatsekedwa, ndipo anchito pafupifupi 6,000 anacotsedwa. Anthu a ku Kabwe, amene mgodi wao unatsekedwa mu 1994, adziwa bwino cimene cigwera mzinda pa tsiku lotere. Land Rover inapulumuka, ndipo mu 2008 inagulidwa pamodzi ndi Jaguar ndi kampani ya Tata ya ku India. Mwana wa matope uja ndiye anatsala ndi nyumba ya atate wace. P5 lero isungidwa ndi okonda magalimoto akale, ndipo ya Mfumukazi ija inaikidwa m'nyumba yosungira magalimoto a mbiri ku Gaydon.

MAU KWA WOFUNA KUGULA

Ocepa a inu adzapeza P5 yogulitsa. Koma magalimoto akulu amene anatha nchito kwa eni ace oyamba afika m'dziko lino tsiku ndi tsiku, pa mtengo wooneka wotsika, ndipo phunziro la Rover likhudza onsewo.

Coyamba, kumbukirani dengu lija. Galimoto imene thupi lace ndilo mafupa ace, dzimbiri likadya pansi pa zitseko ndi m'mapiko a magudumu, ladya mphamvu yace yeni-yeni. Ili ndilo linali tenda lalikulu la P5, ndipo magalimoto ambiri a masiku ano amangidwa mwa njira yomweyo. Utoto watsopano ubisa zambiri. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Gwadani pansi, tukulani kapeti, gogodani citsulo ndi sipanala, ndipo mutenge makaniko wanu-wanu, wosadziwana ndi wogulitsa.

Caciwiri, galimoto yaikulu itsika mtengo wogulira ikakalamba, koma mtengo wakuisunga sutsika. Matayala ace, mabuleki ace ndi petulo yace zikhalabe za thumba la nduna. Musanapereke ndalama, funsani ku sitoro ya zitsulo za magalimoto mtengo wa zinthu zitatu kapena zinai zimene zikutha kawiri-kawiri, ndipo mufunsenso ngati zipezeka m'dziko muno. Pendani zimenezo pamodzi ndi lendi, unga ndi ndalama za sukulu ya ana.

Cacitatu, yang'anani mseu wa kwanu. Wokhala ku Kabulonga ndi wokhala kuseri kwa Chalimbana safuna galimoto imodzi.

Rover P5 inalandira ulemu cifukwa amisiri anaisoka, naipala, naimanga mosamala, ndipo eni ace anali ndi ndalama zakuisamalira caka ndi caka. Cimodzi ca ziwirizi cikasowa, cotsala ndi citsulo coima pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zirikuikira mazira pa mipando ya cikopa. Munthu wosunga bwino njinga yace, tcheni cothira mafuta ndi mabuleki ogwira, ali pafupi ndi mzimu wa John Kemp Starley ndi abale a Wilks koposa iye amene agula galimoto yaikulu ndi ngongole naigoneka.